Wailesi inkamva chiyani ku Ngara?

Mbiri ya nyimbo za m'Malawi timaiphunzira ngati kuti inachitikira ku Blantyre kokha. Sizodabwitsa. MBC itayamba mu 1964, nyumba yojambulira mawu inali kumeneko, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 inali wailesi yokhayo m'dziko muno. Woimba amene sanafike pa maikolofoni ake, lero timangomuyesa ngati sanakhaleko.

Ine ndimachokera ku Ngara, doko la asodzi m'mbali mwa msewu wa M1 kummwera kwa boma la Karonga. Ambiri amatidziwa ndi usipa basi. Kuchoka kwathu kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 700, pamene malire a Tanzania pa Songwe ndi ulendo wa maola ochepa. Mtunda umenewu ndi umene unaumba makutu a makolo athu.

Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo ziyankhulo za dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Kwa munthu wa ku Ngara, amene amatsatsa nsomba ndi kulira maliro m'Chitumbuka kapena m'Chinkhonde, kabokosi kaja kanasanduka mlendo woyankhula za kwawo. Ziyankhulo zathu zinkalowabe, koma kudzera pakhomo lakuseri: amayi a mbumba akamavinira Kamuzu pamisonkhano, nyimbo za m'maboma onse zinkaulutsidwa. Ndiye kuti chiyankhulo chako chinkaloledwa kutamanda, koma osati kuwerenga nkhani. Izi zimandiwawa kuposa kuletsedwa kwenikweniko.

Tsono anthu ankatani? Ankapotokola kabatani. Akuluakulu amene ndacheza nawo amakumbukira Radio Tanzania ya ku Dar es Salaam, magitala a Mbaraka Mwinshehe ndi Morogoro Jazz, komanso rumba ya Franco wa ku Kinshasa. Chiswahili sichinali chachilendo m'dera limene anthu akhala akuwoloka Songwe ndi nyanja kuyambira kalekale. Boma la Kamuzu ndi la Nyerere ankakanganirana malire a panyanja, koma mafunde a wailesi sankaima pachipata kuti adinditse pasipoti. Mpaka lero mukamva nyimbo za ku Tanzania zikuphulika m'mabala a padoko, musafulumire kunena kuti achinyamata ataya chikhalidwe. Anatengera kwa agogo awo.

Palinso vuto lina limene si la ndale. Magule ambiri a kunyanja ndi a maso. Taganizani malipenga, gule amene anatengera perete wa asilikali a atsamunda, m'boma limene Angerezi ndi Majeremani anamenyanadi nkhondo mu September 1914. Kukoma kwake kuli pa yunifolomu yoyera, masokosi ofika m'maondo, mizere yowongoka ndi kunyada kwa mapazi. Pa wailesi pamangotsala ng'oma ndi kulira kwa zikho. Ndolo wa amayi naye chimodzimodzi. Nanga nyimbo zimene asodzi amaimba pokoka chilimira usiku, nyali zili ngwee pamadzi, akanazijambula ndani? Zimenezo zimathera panyanja pomwepo, n'kusintha mawu malinga ndi amene wabera mnzake nsomba sabata imeneyo.

Zinthu zinayamba kumasuka mu 1994, boma la Bakili Muluzi litabwezeretsa Chitumbuka pa MBC. Kenako kunabwera Radio 2 mu 1997 ndi mawailesi ena oima paokha, ndipo oimba ngati Wambali Mkandawire anaonetsa kuti nyimbo ya m'Chitumbuka ikhoza kumveka mpaka ku Johannesburg. Lero Karonga ili ndi mawailesi akeake: Tuntufye FM ya dayosizi ya Katolika, ndi Radio Dinosaur, imene dzina lake limakumbutsa mafupa a Malawisaurus osungidwa kumyuziyamu ya paboma.

Komabe sindikhutira. Kuulutsa ndi kusunga ndi ntchito ziwiri zosiyana. MBC yakale, ndi zolakwa zake zonse, inkajambula pa matepi amene ena alipobe. Masiku ano nyimbo imafika ku wailesi pa WhatsApp kapena pa fulashi, imaseweredwa mwezi umodzi, kompyuta ikafa yapita. Tinakwanitsa kusunga mafupa a nyama imene inafa zaka mamiliyoni oposa 100 zapitazo, n'kuimangira nyumba mu 2004. Amayi amene amadziwa nyimbo zakale za ndolo ali moyo pa Ngara pompano, ndipo foni iliyonse ya wophunzira ngati ine ili ndi chojambulira mawu.