Nkhono Imene Inasefa Nyanja za ku America

Omvera, inu a m'mbali mwa nyanja mukudziwa kuti nsomba imapumira makha. Nkhani yathu lero ndi ya kanyama kena ka m'madzi, kamene makha ake ndi opumira ndiponso odyera. Ndi nkhono ya zigoba ziwiri zotsekana, yaing'ono ngati chikhadabo, ya mizeremizere ngati mbidzi. Akatswiri amaitcha Dreissena polymorpha.

Kwawo kwenikweni ndi ku mitsinje yothira m'nyanja za Caspian ndi Black Sea, ndipo anayamba kuilemba m'mabuku ndi Peter Simon Pallas, m'chaka cha 1771. Anthu a ku Ulaya atakumba ngalande zolumikiza mitsinje yawo, nkhonoyi inakakamira ku mabwato nifalikira, kotero kuti mu 1824 inapezeka pa doko la London.

Ku America inafika mochedwa. Chombo chopanda katundu chimamwa madzi kuti chisapendekeke pa ulendo, nichikawalavula kumene chikasenze katundu wina. M'madzi oterewa munabisala ana a nkhonoyi, osaoneka ndi maso. Mu 1988 inaoneka m'nyanja ya St. Clair, pafupi ndi mzinda wa Detroit. Yaikazi imodzi imatha kuikira mazira okwana miliyoni pa chaka, choncho sipanapite nthawi. Mu December 1989 anthu a m'tauni ya Monroe, ku Michigan, anasowa madzi, popeza nkhonozi pamodzi ndi madzi oundana zinatseka mpope wotunga m'nyanja ya Erie. Chaka chotsatira boma la United States linakhazikitsa lamulo lokhudza madzi a m'zombo aja.

Mipope imakonzeka. Chimene chinavuta ndi kadyedwe kake, ndipo apa ndipofunika kumvetsa bwino. Nkhonoyi siyenda kufuna chakudya. Imadzimangirira pa mwala ndi timaulusi, niyasamula zigoba pang'ono, nitulutsa timipope tiwiri: kena kolowetsa madzi, kena kotulutsa. M'kati, mbali iyi ndi iyo, muli makha opyapyala, olukana ngati sefa, okutidwa ndi timaubweya tosawerengeka. Timaubweyato timakupiza usana ndi usiku kukoka madzi. Madzi akamadutsa, makha amatengako mpweya, ndipo tizomera ting'onoting'ono toyandama timakodwa, timakulungidwa m'zoterera zonga therere, nitsetsereka m'timikwasa kunka kukamwa. Pakamwapo pali timilomo timene timasankha, monga mayi apetera mphale m'lichero. Zabwino zimamezedwa, zosafunika zimaumbidwa timibulu nkutayidwa pansi zosadyedwa. Kunena zoona, ndi ntchito yaluso, ngakhale mwini wake ndi mlendo woononga.

Nkhono imodzi yaikulu imasefa pafupifupi lita imodzi pa tsiku. Zikachuluka zikwizikwi pa malo ochepa ngati mphasa, madzi a nyanja amayera mbee. Alendo ocheza ku Erie anakondwa kuona miyala ya pansi, koma asodzi analibe chifukwa chokondwera. Tizomera tija ndi timene timadyetsa tizilombo timene ana a nsomba amadya. Mu mtsinje wa Hudson, umene nkhonozi zinalowamo mu 1991, tizomerato tinachepa ndi magawo oposa atatu mwa anayi m'zaka zochepa chabe. M'nyanja ya Michigan, kumene inatsatirako mbale wake wotchedwa quagga, kanyama konga nkhanu kotchedwa Diporeia kanazimirira m'madera ambiri, ndipo nsomba za whitefish, zimene zinkadalira iko, zinayamba kugwidwa zoonda. Dzuwa nalo linafika pansi pa madzi oyerawo, ndere zinakula, mafunde nazikankhira ku gombe kumene zinkaolera.