Kuyendera ogulitsa nkhanu ndi prawns m'matauni a migodi a Midlands

Kuyendera ogulitsa zam'madzi za zigoba, monga nkhanu, prawns ndi crayfish, ndi ntchito ya oyang'anira zaumoyo a makhonsolo ku Gweru, Kwekwe, Redcliff, Shurugwi ndi Zvishavane, m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe. M'matauniwa muli zidzukulu zambiri za Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, ngati wa Shabanie ndi wa Globe and Phoenix.

Zimbabwe ilibe nyanja yamchere. Prawns wochokera ku Beira amalowera pa chipata cha Forbes ku Mutare, ndipo pofika ku Gweru amakhala atayenda makilomita oposa 600. Crayfish wa zikhadabo zofiira, amene kwawo ndi ku Australia ndi New Guinea, anafalikira m'nyanja ya Kariba. Zilolezo zophera nsomba kumeneko, mbali ya Zimbabwe, amapereka ndi a bungwe la boma la ZimParks.

Malamulo aakulu ndi awiri: Food and Food Standards Act wa 1971 ndi Public Health Act wa 2018. Sitolo kapena lesitilanti imafunika chiphaso cha khonsolo, ndipo ogwira chakudya amayezedwa kuchipatala. Chakudya chokayikitsa chimalandidwa, china n'kutumizidwa kwa Government Analyst ku Harare kuti akachipime.

Nkhani yagona pa firiji. Woyendera amaitsegula n'kupima kuzizira kwake, kenaka amanyamula paketi. Ngati prawns wamatana kukhala chibuluma chimodzi, ayezi waunjikana pansi pa paketi ndipo mitu yada, ndiye kuti anasungunukapo n'kuumanso. Kumene magetsi amatha kuzima tsiku lathunthu, zimenezi sizisowa, ndipo mwini sitolo amene alibe jenereta amangotseka firiji n'kudikira. Zam'zigoba zimawonongeka msanga, komanso tizilombo toyambitsa kolera timakonda kumatirira pa zigobazo. Dziko limene linataya anthu oposa 4,000 ndi kolera wa 2008 mpaka 2009 siliyenera kuchita nazo chibwana.

Kunena zoona, ndiwo zimenezi n'za m'mahotela ndi m'masupamaketi. M'makomboni a migodi mphika umadziwa kapenta wouma. Choncho woyendera yemweyo, akachoka pa firiji ya m'tauni, amalowa mumsika kumene kapentayo amagulitsidwa pa kapu. Kumeneko amayang'ana nkhungu, ntchentche ndi madzi osamba m'manja, chifukwa n'kumene mabanja ambiri a m'migodi amagula ndiwo zamadzulo.