Msonkhano Umene Unasintha Dzina la Cinyanja

M'mwezi wa September 1968 nthumwi za Malawi Congress Party zinasonkhana ku Lilongwe, nizipangana kuti Cinyanja cichedwe Cicewa, cikhale cinenero ca fuko lonse, ndiponso cigwire nchito za boma pamodzi ndi Cingerezi. Katundu wa pangano limeneli anagwera aphunzitsi. Kuyambira 1969 ana a makalasi oyamba anaphunzira m'Cicewa, ngakhale amene kwao analankhula Cilomwe kapena Ciyao, monga ena a kuno ku Nchema. Citumbuka cinacotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi. Koma malamulo a kalembedwe anacedwa, pakuti Chichewa Board inakhazikitsidwa mu 1972, niitulutsa malamulowo mu 1973. Cotero inu aphunzitsi a mawa, pokonza misonkhano yanu, musamange mfundo musanamve maganizo a amene adzaimirira pamaso pa ana.