Dziwe la Nkhalamba ndi njira yake m'nkhalango ya phiri la Mulanje

Dziwe la Nkhalamba ndi dziwe lakuya la pa mtsinje wa Likhubula, kumadzulo kwa phiri la Mulanje m'dziko la Malawi. Phirili ndi lomwe anthu a m'boma la Milange, m'chigawo cha Zambézia, amaliona tsiku ndi tsiku kutsidya kwa malire. Nkhalango yake inakhala yotetezedwa ndi lamulo mu 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri pa dziko lonse.

Wochokera ku Milange amaoloka malire pa Muloza n'kuyenda makilomita pafupifupi 30 kukafika ku Mulanje boma. Pa Chitakale amapatukira mu msewu wa ku Phalombe mpaka pa Likhubula, pomwe pali ofesi ya za nkhalango. Apa mlendo amalipira ndalama yolowera, ndipo amapeza anyamata a m'deralo omwe ntchito yawo ndi kuperekeza alendo.

Kuchokera pa ofesiyo kukafika pa dziwe ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi, munthu akuyenda mosathamanga. Kwa mlimi wozolowera kupita ku munda wakutali, mtunda wake ngwochepa. N'chifukwa chake ana a sukulu, magulu a mipingo ndi mabanja amakonda njirayi, kusiyana ndi yopita pa nsonga ya Sapitwa, ya mamita 3,002, yomwe imafuna kugona m'phiri. Njira ya ku dziwe imakwera pang'onopang'ono m'mitengo yachilengedwe monga misuku ndi mombo, ndipo chakumpoto kumaoneka thanthwe lalitali la Chambe. Chakumapeto kwake ndi komwe kuli miyala yofuna kuponda mosamala. Mkungudza wotchuka wa Mulanje sumera m'munsi muno, umapezeka pamwamba pa phiri, ndipo watsala wochepa kwambiri chifukwa cha kudula kosaloledwa ndi moto.

Pa dziwe penipeni madzi amagwa kuchokera pa mathithi n'kudikha pakati pa matanthwe. Ndi ozizira chaka chonse, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Anthu a m'deralo amati makolo ankathira nsembe pamalopa, ndipo dzina la dziweli amalilumikiza ndi mizimu ya akuluakulu akale yomwe amati inkaonekera pamenepo. Nkhaniyi aliyense amaisimba mwake, koma pa chinthu chimodzi onse amagwirizana: dziweli lamizapo anthu. Kuya kwake sikuonekera pamwamba, kuzizira kumagwira miyendo msanga, ndipo munsi mwa mathithi madzi amazungulira. Wodziwa kusambira mu Ruo kapena m'madambo a kumudzi asaganize kuti n'chimodzimodzi. Ana azisewera m'mbali mosaya, wamkulu ali pompo.

Nthawi yabwino yoyendera ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. M'miyezi yozizira kumabwera chiperoni, mvula yowaza ya nkhungu yomwe dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la kuno ku Mozambique. Ikagwa, matanthwe amaterera. Dzinja ndiye loopsa koposa. Mvula ikagwa pamwamba pa phiri, mtsinje umadzaza mwadzidzidzi pomwe m'munsi kuli dzuwa, ndipo wokhala pa thanthwe pakati pa madzi sapeza mpata wothawa. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anagumula nthaka ndi miyala m'mbali zambiri za phirili, n'kupha anthu ochuluka ku Mulanje ndi ku Phalombe.

M'nkhalangomu n'koletsedwa kudula mitengo, kuotcha makala, kutchera nyama ndi kuyatsa moto mwachisawawa. Kwa alimi a m'malire lamuloli si la alendo okha. Mitsinje ya Muloza ndi Ruo, yomwe imalekanitsa maiko awiriwa, imachokera m'phiri lomweli, ndipo madzi a Likhubula amatengedwa m'mapaipi mpaka kukamwedwa ku Blantyre. Mitengo ikatha m'mapiri, madzi a mvula salowa pansi. Amatsika nthawi imodzi n'kukokolola minda ya m'mbali mwa mitsinje, mbali zonse ziwiri za malire, kenaka pofika Seputembala madimba amasowa chothirira.