Zilembo 11: Mbiri ya Dzina la Disiki

Mukalowetsa fulashi kapena memori khadi mu kompyuta, choyamba kuoneka ndi dzina lake. Pa matebulo a anyamata oika nyimbo ndi mafilimu ku Ulónguè, likulu la boma la Angónia, ngakhalenso kumalire a Calómuè moyang'anizana ndi Dedza, maina otuluka pa sikirini nthawi zambiri amakhala a kufakitale, monga KINGSTON, ndipo makhadi ena alibiretu dzina. Anthu ena amaganiza kuti kulemba dzina latsopano n'kufomata basi, kufufuta zonse n'kuyambiranso. Sizili choncho ayi. Dzinali lili ndi kamalo kakekake mkati mwa disiki, ndipo lamulo la mzere umodzi limalisintha osakhudza fayilo ngakhale imodzi. Chimene sichisunthika ndi kukula kwa kamaloko. Pa khadi wamba, KWAYA DOMUE imakwana ndendende, zilembo 11 kuphatikizapo mpata wapakati, koma KWAYA ULONGUE sikwana. Malire amenewa anaikidwa zaka zoposa 40 zapitazo, ndipo mwambo wopatsa disiki dzina ndi wakale kuposa pamenepo.

Dzina la disiki silinayambe chifukwa cha anthu. Linayamba ngati chida choti makina azigwirira munthu akalakwitsa. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, mabanki ndi makampani akuluakulu ankasunga maakaunti awo pa matepi a maginito oikidwa m'mashelefu, ofanana onse maonekedwe. Woyendetsa makina ankawerenga kapepala komatidwa kunja, n'kukweza tepiyo. Akakweza yolakwika, makina ankalemba pamwamba pa zimene zinalipo, ntchito ya mwezi wathunthu n'kutayika. Alimi a mbatatesi a ku Angónia ndi Tsangano amaudziwa mankhwala a vuto lotere: thumba lokwera lole yopita ku Tete amalilemba pa saka penipeni, chifukwa kapepala komangirira kamathothoka panjira. Kampani ya IBM, pa makina ake a System/360 amene inalengeza mu 1964, inachita zomwezo. Koyambirira kwa tepi kapena disiki kunkalembedwa mzere wa zilembo 80, muyezo wa makhadi oboola a nthawiyo, woyamba ndi mawu akuti VOL1, ndipo m'menemo munali dzina la zilembo 6. Pulogalamu inkaitanitsa tepi potchula dzinalo, ndipo likasiyana, makina ankakana kupitiriza. Unix, imene inabadwira ku Bell Labs cha m'ma 1970, inasunganso timalo tiwiri ta zilembo 6 pamutu pa disiki, ndipo mu System V munali lamulo lotchedwa labelit lolembera ndi kuwerengera timaloto.

Zilembo 11 zija zinabwera ndi kompyuta za pa tebulo. DOS ya mu 1981 inkapatsa fayilo iliyonse dzina la zilembo 8 ndi zina 3 zosonyeza mtundu wake. Pofika mu 1983, DOS 2.0 itafuna kuti disiki nayo ikhale ndi dzina, akatswiri ake sanakumbe malo atsopano. Anatenga mzere umodzi m'ndandanda wa mafayilo, n'kuuika chizindikiro chakuti iyi si fayilo koma dzina la disiki yonse. Choncho 8 kuphatikiza 3 zinapereka 11. Palibe amene anakhala pansi n'kuyeza kutalika kwa maina amene anthu angafune. Dzinali linangolowa m'malo amene analipo kale. Lamulo la vol linkaonetsa dzinalo, koma kulilemba kunkatheka pofomata pokha. N'kutheka kuti chikhulupiriro chija chakuti dzina limayendera limodzi ndi kufufuta chinachokera pamenepa, pakuti kwa kanthawi chinali choona. Mu 1984 PC DOS 3.0 inabweretsa lamulo la label, lomwe lilipobe mu Windows mpaka lero. Mukatsegula Command Prompt n'kulemba vol E: muona dzina la disiki imene ili pa chilembo E. Mukalemba label E: ZITHUNZI dzina lasintha. Mukangolemba label E: popanda china, imakufunsani dzina, ndipo mukadina ENTER osalemba kanthu, imafunsanso ngati mukufuna kuti lakalelo lichotsedwe.

Zaka zimenezo Angónia inali pa nkhondo. Anthu ambiri anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, pakati pa othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi amene Malaŵi inawalandira, ndipo mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 October 1992. Mbali yaikulu ya nyengo ya madisiki ofewa a floppy inadutsa anthu a kumapiri kuno akuganiza za moyo. Komabe zimene zinagamulidwa m'nyengo imeneyo ndi zimene akukumana nazo lero pa khadi lililonse la m'foni, chifukwa kayalidwe ka FAT kamene DOS inkagwiritsa ntchito kanapulumuka, kanakula kukhala FAT32 mu 1996, ndipo opanga mafulashi ndi makhadi anakakonda poti makina alionse amakawerenga.

Chaka cha 1988 ndi chimene ndimachiona ngati mphambano ya nkhani yonse. DOS 4.0 inaonjezera zinthu ziwiri pa gawo loyambirira la disiki. Choyamba chinali kope lachiwiri la dzina lija, limene limalembedwa NO NAME ngati mwini wake sanapereke lililonse. Kuyambira pamenepo disiki ya FAT ili ndi maina awiri, ndipo nthawi zina amatsutsana. Windows imakhulupirira la m'ndandanda wa mafayilo, pamene zida zina zakale za Linux zinkasintha la pa gawo loyambirira lokha, munthu n'kumadabwa kuti khadi lomwelo likuyankha maina osiyana pa kompyuta ziwiri. Chachiwiri chinali nambala ya disiki, yopangidwa kuchokera ku tsiku ndi nthawi yofomatira, yooneka ngati 1A2B-3C4D. Chifukwa chake chinali chomveka: anthu amapatsa madisiki khumi dzina limodzi, kapena sapereka n'komwe, ndiye makina sangadalire dzina kuti adziwe ngati disiki yasinthidwa. Ntchito imene IBM inapatsa dzina, yoti makina azizindikirira disiki, inayamba kusamukira ku nambala, dzina n'kutsalira anthu.

Pano tiime pang'ono, chifukwa maina a ku Angónia amalowa m'mavuto amene a ku London sawaona. Ulónguè, Dómuè, Calómuè ndi Angónia yomwe amalembedwa ndi timizere ta Chipwitikizi pamwamba pa zilembo. Pa FAT, chilembo chilichonse cha dzina la disiki ndi bayiti imodzi, ndiye kuti zilembo zotheka ndi 256 zokha, zosakwanira zilankhulo zonse. DOS 3.3 ya mu 1987 inathana nazo popereka matebulo a zilembo osiyanasiyana: 437 ya ku America, 850 ya kumadzulo kwa Ulaya, 860 ya Chipwitikizi. Koma disiki silemba kuti dzina lake linalembedwa ndi tebulo liti. Pa tebulo 850, chilembo Ó ndi nambala 224. Pa tebulo 437, nambala yomweyo ndi chilembo cha Chigiriki α. Chotero khadi lotchedwa ULÓNGUÈ pa kompyuta yokonzedwa m'Chipwitikizi likawoloka malire n'kulowa mu kompyuta yokonzedwa m'Chingerezi cha ku America, limatha kutuluka ngati ULαNGU╘, kothera kuli kachidutswa ka mzere wojambulira mabokosi. Chilembo ŵ, cha m'dzina la Malaŵi, mulibiretu m'matebulo atatu onsewa. Kwa ine ichi si chinthu chochepa. Dera limene anthu ake amalankhula Chinyanja kunyumba, kulemba Chipwitikizi kuofesi ndi kugula katundu tsidya lina m'Chingerezi ndi limene limalipira kwambiri chifukwa cha bayiti imodzi imeneyi, ndipo njira yokhayo yotetezeka pa FAT ndi kulemba ULONGUE yopanda timizere, dzina lodulidwa mbali.

NTFS, imene inabwera ndi Windows NT mu 1993, inamasula zambiri: dzina la zilembo 32, zazikulu ndi zazing'ono, m'kalembedwe ka Unicode kamene muli ó, è ndi ŵ. Ma CD, pansi pa muyezo wa ISO 9660 wa mu 1988, anali ndi malo a zilembo 32, koma dzina linkapsera limodzi ndi mafayilo, osasinthikanso.

Linux inayenda njira yakeyake, ndipo ndi imene inayesa kubwezera dzina udindo wake wakale. Kayalidwe ka ext2, kamene Rémy Card anakatulutsa mu 1993, pamodzi ndi ana ake ext3 ndi ext4, kali ndi malo a mabayiti 16. Lamulo lake ndi e2label, la m'gulu la zida za e2fsprogs zimene Theodore Ts'o amayang'anira. Mukalemba e2label /dev/sdb1 limakuuzani dzina. Mukaonjezera mawu kutsogolo kwake, limalemba mawuwo. Dziwani kuti 16 amenewa ndi mabayiti, osati zilembo, ndipo chilembo chokhala ndi kamzere chimadya awiri. Ulongue-Angonia imakwana, mabayiti 15. Ulónguè-Angónia ndi mabayiti 18, ndiye e2label imachenjeza kuti dzina latalika n'kudula, kutsala Ulónguè-Angón.

Chimene chinapangitsa kuti dzina likhale lofunika pa Linux ndi chakuti maadiresi monga /dev/sda ndi /dev/sdb sakhazikika. Amaperekedwa motsatira disiki imene yaoneka koyamba, ndipo imene ili sdb lero mawa itha kukhala sdc. Choncho mu fayilo ya /etc/fstab, imene imauza makina poyaka kuti disiki iti ikhale pati, Red Hat inayamba kulemba LABEL=/ m'malo mwa adiresi. Zinathandiza mpaka pamene munthu waika madisiki awiri a dzina lofanana mu kompyuta imodzi, makina n'kutola yolakwika. Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaiyambitsa mu 2004, inasamukira ku UUID mu 2006, nambala yaitali imene palibe munthu angailoweze pamtima koma siibwerezeka mwangozi. Zimene zinachitika pa DOS mu 1988 zinachitikanso. Ngakhale zili choncho, amene amasamala kompyuta za pasukulu, kapena wophunzira wa pa Faculdade de Ciências Agrárias ya UniZambeze ku Ulónguè amene waika Linux pa laputopu yakale, ayang'ane kaye mu /etc/fstab asanasinthe dzina la disiki ya mkati. Ngati muli mzere woyamba ndi LABEL= ndipo dzina lasinthidwa pa disiki pokha, kompyuta ikayatsidwanso imafunafuna dzina lakale n'kuima panjira. Mafayilo amakhala alipo onse, koma mwini wake amatuluka thukuta.

Mafulashi anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2000, oyambawo a 8 MB. Makhadi a microSD anatsatira, ndipo mafoni atafalikira m'midzi, makamaka Movitel itayamba ntchito mu 2012 n'kuika nsanja zake kumadera akutali, disiki inalowa m'thumba la mlimi, mphunzitsi ndi mtsogoleri wa kwaya. Nambala ija ya mu 1988 inabwera nawo: kuyambira pa Android 6.0 ya mu 2015, foni imaika khadi pa adiresi monga /storage/1A2B-3C4D. Ubuntu nayo imatsegula fulashi mu foda yotchedwa ndi dzina la fulashiyo, ndipo likasowa imagwiritsa ntchito nambala yomweyo. Makhadi opitirira 32 GB amabwera ndi exFAT, kayalidwe kamene Microsoft inatulutsa mu 2006. Pamenepa zilembo ndi za Unicode, choncho Ulónguè ndi Malaŵi zimalembeka bwinobwino ndipo siziwonongeka powoloka malire. Koma malo anatsala 11 omwe aja, ngakhale panalibenso chokakamiza. Ndimaona kuti apa mwayi unatayika pachabe: khadi lotha kusunga nyimbo zikwizikwi silingatchedwe ZAMAPHUNZIRO chifukwa cha chilembo chimodzi chopitirira. Microsoft inasindikiza malamulo a exFAT poyera mu 2019, ndipo mu 2020 Linux 5.7 inalandira pulogalamu yowerengera exFAT yochokera ku Samsung.

Lero woona maina pa Linux amalemba lsblk -f, n'kuona mtundu wa disiki iliyonse, dzina lake ndi nambala yake pa mzere umodzi. Blkid imapereka zomwezo. Kusintha ndiye kumafuna kudziwa mtunduwo poyamba, popeza uliwonse unabisa dzina pamalo pake ndipo uli ndi chida chake: fatlabel pa FAT, imene kale inkatchedwa dosfslabel, exfatlabel pa exFAT, ntfslabel pa NTFS, xfs_admin -L pa XFS imene imalola zilembo 12. Malamulowa amafuna sudo kutsogolo, ndipo ndi bwino kutseka kaye fulashi ndi umount musanalembe. Pa Windows, kuwonjezera pa label, PowerShell ili ndi Get-Volume ndi Set-Volume. Pa Mac pali diskutil rename.

Wina angafunse kuti n'kuvutikiranji ndi malamulo olemba pamene mbewa imatha kusintha dzina. Pa kompyuta imene mumalowa mafulashi a anthu ambiri tsiku lililonse pali chifukwa chenicheni. Kafayilo kobisika kotchedwa autorun.inf, kamene mavairasi monga Conficker wa mu 2008 anakagwiritsa ntchito pofalikira, kamatha kukhala ndi mzere wa label= umene Windows imauonetsa pa sikirini m'malo mwa dzina lenileni. Munthu amasintha dzina ndi mbewa, koma looneka limakhala lomwelo. Lamulo la vol siliwerenga kafayiloko, limafunsa disiki yeniyeniyo. Dzina la pa sikirini likasiyana ndi limene vol yanena, lembani dir /a E: muone zobisika, ndipo fulashi imeneyo isalowe mu kompyuta ina isanatsukidwe.