Gulu la Ndege Zozonda Lomwe Lidajambula Dziko la Nyasaland

Wophunzira aliyense amene adafika ku sekondale adaonapo mapu aja a sikelo ya 1:50,000, omwe masentimita awiri papepala amaimira kilomita imodzi pansi. Akatambasula mapu a kwa Kuntaja ndi madera oyandikana nako, amaona bwalo la ndege la Chileka, phiri la Michiru, mitsinje ya Lunzu ndi Lirangwe ikutsetserekera ku Shire, komanso njanji yochokera ku Blantyre ikudutsa pa Lirangwe kulunjika ku Balaka. Ndi ochepa amene amadzifunsa kuti kodi adaona zinthu zonsezi nthawi imodzi ndani, popeza munthu woyenda pansi saona kuseri kwa phiri. Ntchito yokonza mapu otere m'dziko muno idayamba ndi zithunzi zomwe lidajambula gulu lina la ndege zankhondo za ku Britain, lotchedwa No. 82 Squadron.

Gululi lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1917 ku Doncaster m'dziko la England, Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse ili m'kati. Mu Novembala chaka chomwecho lidatumizidwa ku France ndi ndege za mapiko awiri osanjikiza zotchedwa Armstrong Whitworth FK8. Ntchito yake idali yozonda. M'ndege iliyonse munkakwera anthu awiri, wina woyendetsa, wina woyang'ana pansi. Iwowa ankauluka pamwamba pa ngalande zomwe asilikali a Germany ankabisalamo, n'kumajambula zithunzi ndi kudziwitsa anzawo owomba mizinga kumene zipolopolo zawo zinkagwera. Nkhondo itatha gululi lidathetsedwa m'chaka cha 1919.

Mphepo ya nkhondo ina itayamba kuwomba ku Ulaya, gululi lidadzutsidwanso m'chaka cha 1937, koma tsopano ngati gulu loponya mabomba. Zaka zoyambirira za Nkhondo Yachiwiri zidali zowawa kwambiri kwa ilo. Pa 17 Meyi 1940, ndege zake 12 za mtundu wa Blenheim zidanyamuka kukaphulitsa asilikali a Germany pafupi ndi Gembloux m'dziko la Belgium, ndipo idabwerako ndi imodzi yokha. Pa 13 Ogasiti chaka chomwecho ndege zina 12 zidatumizidwa ku Aalborg m'dziko la Denmark. Imodzi idabwerera panjira, ndipo zonse 11 zomwe zidafika kumeneko zidagwetsedwa. Motero m'miyezi itatu yokha gululi lidatsala pang'ono kutheratu kawiri konse.

M'chaka cha 1942 gululi lidasamukira ku India, kumene lidalimbana ndi asilikali a Japan omwe adalanda dziko la Burma. Kunkhondo ya ku Burma komweko n'kumenenso asilikali ambiri a ku Nyasaland, a gulu la King's African Rifles, adamenya nkhondo m'chaka cha 1944, akudutsa m'matope ndi m'nkhalango za chigwa cha Kabaw. Nkhondo itatha, gulu la ndegeli lidathetsedwanso kumayambiriro kwa chaka cha 1946.

Pa nthawi imeneyo boma la Britain lidali litazindikira kuti silinkawadziwa bwino maiko omwe linkawalamulira mu Africa. Mapu omwe adalipo ambiri adali a sikelo yaing'ono, ndipo ena adali ochokera ku zolemba za anthu apaulendo. Kumanga msewu, kutseka mtsinje kapena kufufuza miyala ya mtengo wapatali popanda mapu olondola kudali ngati kuyenda mumdima. Tsono kuyeza dziko lonse ndi miyendo kukadatenga zaka zochuluka zedi. Chifukwa cha ichi, m'chaka cha 1946 bomalo lidakhazikitsa nthambi yokonza mapu yotchedwa Directorate of Colonial Surveys, yomwe mtsogoleri wake adali Martin Hotine. Iyeyu ankakhulupirira kuti luso lojambula zithunzi kuchokera mumlengalenga, lomwe lidakula chifukwa cha nkhondo, likhoza kufupikitsa ntchitoyo. Pa 1 Okutobala 1946, No. 82 Squadron idakhazikitsidwa kachitatu pa bwalo la Benson, ndipo idabwerera ku ntchito yake yoyamba ija yoyang'ana pansi ndi kujambula.

Ndege zomwe gululi lidagwiritsa ntchito kwambiri mu Africa zidali za mtundu wa Lancaster, zikuluzikulu za mainjini anayi, zomwe pankhondo zinkanyamula mabomba opita ku mizinda ya ku Germany. Tsopano zidamangiriridwa makamera oloza pansi. M'chaka cha 1947 gululi lidafika mu Africa. Lidagwira ntchito kuzambwe, m'maiko a Gold Coast, omwe lero ndi Ghana, Nigeria, Sierra Leone ndi Gambia, komanso lidakhala pa bwalo la Eastleigh ku Nairobi m'dziko la Kenya. Timagulu take tinkatumizidwa kumadera osiyanasiyana a kuvuma ndi pakati pa Africa, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 makamera ake adafika pa dziko la Nyasaland.

Ntchitoyi inkafuna kudekha kwakukulu. Ndege inkayenera kuuluka pa msinkhu umodzimodzi kwa maola ambiri, ikutsata mizere yoyandikana kuti pasatsale malo osajambulidwa. Pofuna kuti woyendetsa asasokere, ankagwiritsa ntchito chipangizo cha rada chotchedwa Gee-H, chomwe pankhondo chinkalondolera ndege zoponya mabomba. Kamera inkajambula motsatizana, kotero kuti gawo loposa theka la chithunzi chilichonse linkaonekanso pa chithunzi chotsatira. Zithunzi ziwiri zotere zikaikidwa pansi pa magalasi apadera, mapiri amaoneka otumphuka ndipo zigwa zimaoneka zakuya, monga momwe maso awiri a munthu amaonera. Adani a ntchitoyi adali mitambo ndi utsi. M'dzinja mitambo inkaphimba dziko, pamene m'chilimwe utsi wa moto wolusa m'tchire unkachititsa khungu kamera. Nyengo yabwino idali yochepa, mvula itangosiya kumene, tchire lisadayambe kupsa.

Komabe chithunzi pachokha si mapu. Oyeza malo ankayenera kukwera mapiri, kumangapo zipilala ndi kuyeza mtunda wochokera pa phiri lina kufika pa linzake, kuti akatswiri a ku England adziwe malo enieni a chinthu chilichonse chooneka pachithunzi. Katundu wa oyezawo ankasenzedwa ndi anthu a m'midzi, omwenso ankalambula njira ndi kuwalondolera pokwera. Kuwonjezera apo, kamera siidziwa dzina la mtsinje kapena la mudzi. Maina onse olembedwa pamapu adachokera pakamwa pa mafumu ndi eni dera. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo mlendo wa m'ndegeyo akadapanda kufunsa eni nthaka, mapu ake akadakhala pepala la mizere yopanda tanthauzo.

Padalinso china chachikulu chomwe diso la mumlengalenga silikadatha kuona. M'zaka zomwezo dziko lidagwa m'njala yoopsa ya 1949, ndipo boma la Blantyre, makamaka madera a Lunzu, Lirangwe ndi kwa Kuntaja, lidali m'gulu la malo okhudzidwa kwambiri. Mvula idadula chimanga chisadakhwime, ndipo mbewu zidauma m'minda. Abambo ambiri adapita kukasuma kumadera akutali, ena osabwereranso, pamene amayi adatsala ndi ana akukumba mizu yakutchire. Pofika kumayambiriro kwa 1950 boma lidatsegula misasa yodyetserako anthu ofooka. Katswiri wa mbiri yakale, Megan Vaughan, adalemba za njalayi m'buku lomwe lidatuluka m'chaka cha 1987, atacheza ndi anthu a m'boma la Blantyre omwe adaiona ndi maso awo. Chithunzi cha m'mwamba chikhoza kuonetsa munda, nyumba ndi nkhokwe, koma sichingaulule ngati m'nkhokwemo muli chimanga kapena ayi.

Kuona dziko kuchokera kutali kudali khalidwe la ulamuliro wachitsamunda wonse. Pa nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene adalamulira kuyambira 1948 mpaka 1956, boma lidalimbikira malamulo a malimidwe okakamiza alimi kuunda mizere ndi migula yoteteza nthaka. Cholinga chidali chabwino ndithu, chifukwa nthaka inkakokolokadi, koma anthu sadafunsidwe maganizo awo, ndipo olephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Mkwiyo womwe udabadwa pamenepo udawonjezera mphamvu ya chipani cha Nyasaland African Congress. Zinthu zitafika povuta m'chaka cha 1959, bwalo la Chileka lidalandira ndege zankhondo za gulu lina, la Royal Rhodesian Air Force, zomwe zidabweretsa asilikali ndi kuzonda midzi kuchokera m'mwamba. Pa 3 Malichi chaka chimenecho Dr. Hastings Kamuzu Banda adakwezedwa ndege pa Chileka pomwepo kupita kundende ya ku Gwelo, komwe lero ndi Gweru. Luso lomwe lidathandiza kukonza mapu lidagwiranso ntchito yoopseza eni dziko.

Pamene izi zinkachitika, No. 82 Squadron idali itachoka kale mu Africa. Idabwerera ku England m'chaka cha 1952, ndipo ntchito yojambula idapitirizidwa ndi makampani a ndege. Chaka chotsatira gululi lidalandira ndege zaliwiro za mtundu wa Canberra, koma lidathetsedwa m'chaka cha 1956. Lidadzukanso komaliza m'chaka cha 1959 ngati gulu losunga mizinga ikuluikulu yotchedwa Thor, mpaka pamene lidatsekedwa m'chaka cha 1963. Nthambi yokonza mapu ija idasintha dzina m'chaka cha 1957 kukhala Directorate of Overseas Surveys, ndipo idapitiriza kuthandiza Malawi ngakhale dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964. M'chaka cha 1984 idaphatikizidwa ndi bungwe la Ordnance Survey. Zithunzi zake zambiri zikusungidwa mumzinda wa Edinburgh ku Scotland.

Zithunzi zimenezi zili ndi phindu lomwe ojambula ake sadaliganizire. Zimaonetsa mmene dziko lidalili zaka zoposa 70 zapitazo: kumene kudali nkhalango, kukula kwa midzi ndi njira zomwe mitsinje inkadutsa. Munthu wofuna kudziwa kuchuluka kwa mitengo yomwe yatha m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje akhoza kuyerekeza zithunzizo ndi zomwe akuona lero. Koma zikangokhala zokha, zithunzizo zimanena theka la nkhani. Theka linalo lili ndi agogo a kwa Kuntaja ndi ku Lirangwe, omwe amadziwa chifukwa chake mudzi wakutiwakuti udasamuka, chaka chomwe chitsime chidaphwa, ndi maina a anthu omwe adapita kukasuma osabwerera. Wophunzira amene akufuna kulidziwa bwino dera lake ayenera kutenga mapu m'manja, n'kupita kukakhala pamphasa ndi agogowo iwo akadali ndi moyo.