Chizindikiro cha malo pa nkhani za pa intaneti

Ndi dzina la dera lomwe mkonzi amamatira pa nkhani kuti kompyuta izitha kusanja nkhanizo potengera komwe zachitikira. Wowerenga akasankha "Phalombe", zimatsala za bomalo basi.

Ku Malawi mwambowu unayamba intaneti isanabwere. Atolankhani a Malawi News Agency amayamba nkhani ndi dzina la malo, ndipo apolisi akamatchula munthu amanenanso mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Masanjidwe abwino amatsata makwerero omwewa: dera la mfumu Chiwalo lili pansi pa Phalombe, limodzi mwa maboma 28, m'chigawo chakumwera.

Povuta m'pakuti komwe mtolankhani walembera si komwe nkhani yachitikira. Ya kwa Chiwalo yolembedwera ku Blantyre imatha kusochera pamulu wa nkhani za m'tauni, chinthu choopsa pa nthawi ngati ya namondwe Freddy mu 2023, pomwe abale akutali ankasaka mbiri ya kwawo kwenikweni. Malire nawonso amasuntha: Phalombe adapatuka ku Mulanje mu 1998, kotero nkhani zakale zimafuna zizindikiro ziwiri. Dzina lokha silikwana, poti Mwanza alipo ku Malawi komanso ku Tanzania. Ena amawonjezerapo manambala a GPS.